Elifala ndi Linga la Msuku

Elifala Mwale anabadwira kuseri kwa phiri la Ntchisi, m'mudzi umene msewu wake umafa mvula ikangoyamba. Sukulu sanapite nayo patali, koma zala zake zinaphunzira kutayipa, ndipo zalazo ndi zimene zinamudyetsa. Nthawi ya chipani chimodzi anali kalaliki wa boma, wolemba zimene wauzidwa osafunsa. Zipani zitachuluka, ntchito m'boma zinachepa, iye n'kukhala mmodzi mwa ochotsedwa. Anabwerera kuchikamwini, kumunda wa mkazi wake Mirriam, kukalima chimanga ndi mbatata ya kachewere, mpaka bungwe lina lothandiza alimi linatsegula ofesi pa Ntchisi Boma n'kuyamba kufuna munthu wodziwa makina olembera.

Mu ofesimo ndi mmene anakumana ndi kompyuta, komanso ndi Benjamini, mnyamata wowerengera ndalama za bungwelo amene anaphunzira kunja. Benjamini anabwerako ndi masewera achilendo. Aliyense wosewera ankatenga banja limodzi la mafumu a ku Ulaya wakale, lokhala ndi linga la miyala, akavalo, asilikali, ndi alimi opereka mtulo wa tirigu. Banja linkakula polima, pokwatitsa ana ake kumabanja ena, kapena polanda malinga a anzake. Osewera sankaonana. Wina anali ku Lilongwe, wina ku Kasungu, wina ku Mponela, ndipo ambiri ankangodziwana ndi mayina a mabanja awo a m'masewera. Aliyense ankatumiza mwachinsinsi pa imelo zimene banja lake lichite sabata imeneyo. Lachisanu madzulo woyendetsa masewera ankalowetsa zonse mu kompyuta, kompyutayo n'kugamula, iye n'kutumiza zotsatira kwa onse.

Benjamini atasamutsidwira ku Lilongwe, kompyuta inatsala, choncho anasiyira Elifala udindo woyendetsa. Anamuuza chinthu chimodzi chokha, kuti woyendetsa amaona zinsinsi za aliyense, n'chifukwa chake sakhala ndi banja lakelake. Elifala anamva. Zimene anali nazo pa dziko lino zinali zochepa, koma dzina loti sakondera anali nalo, ndipo ankalisamala kuposa nsapato zake za ku tchalitchi. Lachisanu lililonse anzake akaweruka, iye ankatsala, kulumikiza waya wa foni, n'kudikira kachipangizo kolumikizira kompyuta ku intaneti kalire ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Magetsi akazima ankabweranso Loweruka.

Pa osewera onse, mmodzi yekha ndi amene ankabwera ndi mapazi ake. Ameneyu anali Aroni Nkhoma, mphunzitsi wa pulaimale cha ku Nachisaka. Analibe kompyuta, ndiye ankapalasa njinga kudutsa zitunda zonse zija kudzanena pakamwa zimene banja lake lichite. Banja lakelo analitcha Msuku. Poyamba masewera anamusokoneza, popeza ufumu mmenemo unkapita kwa mwana wamwamuna osati kwa muphwa, ndipo anadandaula kuti azunguwo analibe amalume owalangiza. Koma atazolowera, anapeza njira yakeyake. Nkhondo sankaifuna. Ankangolima ndi kukwatitsa ana aakazi uku ndi uku, mpaka anasanduka mpongozi wa dziko lonse. Wofuna kumuthira nkhondo ankapeza kuti akukamenya agogo a ana ake omwe. Mmodzi yekha amene anakana chipongozicho anali Caleb wa ku Bowe, mlangizi wa fodya amene ankatumiza mawu ake ali ku Mponela. Banja lake, Chiwale, linali la akavalo okhaokha, ndipo ankalikhetsera dovu linga la Msuku.

Elifala ndi Aroni anazolowerana. Akamaliza za masewera ankakhala pakhonde n'kumakazinga chimanga, kukambirana za fetereza ndi za ndale zimene tsopano munthu ankatha kuzinena osayang'ana kumbuyo. Chaka chotsatira njala yaikulu imene inagwa m'dziko muno, Aroni anayamba kufika ali wefuwefu, akukankha njinga m'malo moikwera. Anayamba kutsokomola. Kolala ya shati inamukulira. Kenako anasiya kubwera, n'kumatuma mawu kudzera mwa dalaivala wa matola. Mu February, mvula ili pakati, anamwalira.

Elifala anapita ku maliro. Anagwira nawo fosholo pamanda. Zimene anaona m'mawa mwake sanaziiwale. Mwambo wa kumeta usanachitike n'komwe, abale a malemu anali atakweza kale njinga ija pa ngolo, pamodzi ndi wailesi, matiresi ndi makina osokera. Faines, mkazi wa malemu, anatsala pa mphasa ndi ana awiri, akuyang'ana khoma. Elifala sanali mbale, choncho analibe pakamwa. Anabwerera kwawo ali ndi mwala pamtima.

Lamulo la masewera linali loti banja likakhala masabata awiri osatumiza mawu, woyendetsa alengeze kuti latsala lopanda mwini, oyandikana nalo n'kugawana. Lachisanu litafika, Elifala anayang'ana malo a Msuku ali opanda kanthu. Anaona ngolo ija m'maganizo mwake. Zala zake zinalemba zokha kuti alimi a Msuku alime, asilikali akhale m'linga. Anadziuza kuti sanabe kanthu, wangotseka chitseko cha mnzake kuti mbuzi zisalowe. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Osewera ena sanadziwe chilichonse, pakuti ngakhale amene anamva uthenga wa maliro pa wailesi sakanadziwa kuti mphunzitsi Nkhoma ndiye Msuku.

Tchimo likayamba limayenda ndi nsapato zofewa. Sabata yachitatu, Elifala anatsegula mawu achinsinsi a Caleb n'kuona kuti akavalo onse a Chiwale akuwoloka mtsinje kuti adzidzimutse Msuku kumbuyo. Aroni akanakhala moyo sakanadziwa zimenezi. Elifala anadziwa chifukwa anali woyendetsa. Kenako anasuntha asilikali a Msuku, n'kuwaika pa dooko pomwepo. Akavalo a Caleb anathera m'madzi.

Caleb anatumiza uthenga kwa onse, wodzaza chipongwe monga mwa khalidwe lake. Ananena kuti Msuku ndi nkhalamba ya mankhwala, yogona ndi nsupa kumutu, ndipo tsiku limene adzaigwire adzavina pamanda pake. Anthu anaseka. Koma m'gulu lomwelo la mauthenga munalinso wina wochokera kwa Benjamini, wopita kwa Msuku yekha kudzera mwa woyendetsa. Benjamini ankamudziwa Aroni, ndipo sanalembe za masewera. Anafunsa za chifuwa chija, n'kunena kuti wapeza dokotala wabwino ku Lilongwe, Aroni angobwera adzagone kwa iye. Anapempha yankho msanga.

Elifala anazimitsa kompyuta osayankha. Kunyumba analephera kudya, ndipo Mirriam atamukakamiza anafotokoza zonse, akuyembekezera kuti mkazi amumvera chisoni. Mirriam sankazidziwa za malinga ndi akavalo, koma nkhaniyo anaimva mpaka pansi. Anasiya kusenda mbatata n'kumuyang'ana.

"Ndiye kuti aNkhoma akulimabe?"

"Si kulima kwenikweni, aNaphiri. Ndi za mu kompyuta."

"Munawakwirira ndi manja anu, lero mukuwadzutsa Lachisanu lililonse kuti akugwirireni ntchito. Kwathu kuno wochita zimenezo tili naye dzina. Mwawasandutsa ndondocha anzanu."

Mawu amenewo anamulasa Elifala kuposa ulaliki uliwonse umene anamvapo. Ndondocha ndi munthu wakufa amene mfiti imamuukitsa kuti azigwira ntchito m'munda mwake, wopanda lilime, wosatha kukana. Elifala anali mkulu wa mpingo ndipo zotere sankazikhulupirira, koma anaona kuti fanizolo lamukwana ngati chipewa. Aroni sanamupemphe. Aroni, amene sanabepo ngakhale choko cha sukulu, tsopano anali atapambana nkhondo mwachinyengo ali m'manda. Ndipo kuti bodzalo lipitirire, panafunika kuyankha Benjamini m'dzina la wakufa, kumuuza kuti chifuwa chikuchepa.

Akanatha kungosiya kulembera Msuku, masabata awiri n'kudutsa, banja n'kugwa mwakachetechete, popanda wodziwa za dooko lija. Anaganizapo zimenezo, ndipo tisamunamizire kuti sanaganize. Koma mlandu suola. Komanso uthenga wa maliro sauponya ngati mwala, amaunyamula ndi miyendo. Loweruka m'mawa anakwera matola a ku Mponela. Galimoto inatitimira m'matope kangapo, amuna n'kumatsika kukankha, moti anafika thalauza ili yofiira mpaka m'mawondo. Anafunsira Caleb kusitolo ya mbewu, n'kumupeza pa shedi ya fodya ya mlimi wina, akununkhiza masamba. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu. Awiriwa anali asanaonanepo.

"Ndine Mwale wa ku Ntchisi."

"Aa, bwana woyendetsa! Mwabwera kudzapepesa akavalo anga? Kauzeni nkhalamba yanu ya Msuku kuti masiku ake atha."

"Anathadi, achimwene. Tinaika mwezi watha."

Caleb anatsitsa tsamba la fodya pang'onopang'ono. Elifala anafotokoza ataimirira, osachotsapo kanthu: za maliro, za ngolo, za masabata amene analembera wakufa, ndi za dooko. Ankayembekezera kuti munthuyo akalipira za akavalo. Caleb sanawatchule n'komwe. Anafunsa kuti uthenga wake wa kuvina pamanda unafika malemu atagona kale m'nthaka kapena ayi. Elifala anavomera kuti unafika atagona kale.

"Ndiye mwanditukwanitsa maliro, aMwale. Pamaso pa anthu onse aja. Ine mayi anga anandilera bwino. Akavalo ndi zidole, koma pakamwa panga mwapadetsa ndinu."

Sanamupatse mpando, ndipo sanamuperekeze. Elifala anaona kuti n'zoyenera.

Ali pa Mponela pomwepo anaimbira Benjamini pa foni ya m'sitolo, kuti amve ndi khutu osati kuwerenga. Lolemba analembera osewera onse. Sanakometse. Anatchula dzina lenileni la mwini Msuku, tsiku limene anamwalira, ndi zimene iye woyendetsa anachita, n'kunena kuti ngati afuna wina ayendetse, iye atula pansi udindo.

Mayankho anabwera osiyanasiyana. Ena anatuluka m'masewera osatsanzika, ndipo mmodzi wa ku Kasungu analemba kuti woweruza akabera kamodzi, zigamulo zake zonse zakale zimanunkha. Elifala sanatsutse, chifukwa munthuyo ananena zoona. Benjamini anagamula kuti akavalo a Caleb abwezeretsedwe, n'kunena kuti Elifala apitirize popeza panalibe wina wokhala ndi kompyuta yogamulira masewera ndi kuleza mtima, koma kuyambira tsopano mawu achinsinsi onse azipitanso kwa iye ku Lilongwe kuti pakhale maso awiri. Kwa munthu amene kale ankakhulupiriridwa yekha, chimenechi chinali chilango, ndipo anachilandira.

Caleb ndi amene anabweretsa lamulo latsopano. Ananena kuti mwini banja akamwalira, woyendetsa alengeze poyera tsiku lomwelo, ndipo pasakhale wokhudza linga la malemu kwa mwezi wathunthu, monga anthu amadikira kumeta asanagawe za womwalira. Onse otsala anavomera. Palibe anadziwa tsiku limenelo kuti lamulolo lidzagwira ntchito kawirikawiri chotani, pakuti zaka zimenezo zinkadya aphunzitsi ndi makalaliki ngati chiswe. Chisanathe chaka, Elifala anali atalengezanso maliro ena.

Mwezi wa Msuku unatha Lachisanu lina kumayambiriro a masika, chimanga chitayamba kuuma m'zitunda. Elifala anatsegula mawu a Caleb. Anali achidule, opanda chipongwe: akavalo onse apite ku linga la Msuku. M'lingamo munalibe wolamula asilikali, ndipo Elifala ankadziwa bwino malo amene akanawaika kuti lisagwe. Anawerenga mawuwo kawiri kuti asalakwitse chilembo, n'kuwalowetsa monga analembedwera. Kompyuta sinachedwe kugamula. Anatumiza zotsatira kwa onse, kope lina kwa Benjamini, n'kuvundikira makinawo ndi nsalu yake.

Anayendetsa masewerawo mpaka bungwe lija linatseka ofesi n'kunyamula kompyuta. Amene anatuluka aja sanabwererenso, ndipo dzina lake loti sakondera silinabwerere lonse. Iye sanalipemphe. Lero ali kumunda kwa aNaphiri, ndipo mpingo ukafuna munthu wokanena uthenga wovuta pakhomo la wina, amatuma iye, chifukwa amakafika n'kunena monga zilili.