Kamtanda Kunsi kwa Poto

Pa Kandeu panalibe khomo lopanda poto wa a Gibson. Bambowa ankatola zitini za zakumwa ndi zidutswa za mainjini akutha, kusungunula aluminiyamuyo pamakala kuseri kwa nyumba, n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Poto akazizira ankamukhoma kamtanda kunsi. Analinso ndi pakamwa. Ukati unenerere mtengo ankakuyankha kuti, "Poto ameneyu adzaphika pamaliro anu." Ndipo ambiri anawaphikiradi.

Poto woyamba anapangira akazi awo, aNangozo, chaka cha referendamu. Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira nthawi imeneyo.

Kuiwala kunayamba ngati nthabwala. ANangozo ankathira mchere kawiri m'ndiwo, kapena kupita kukakumba mbatatesi n'kubwerako opanda khasu, ife n'kumaseka. Tinaleka kuseka tsiku limene anapezeka kumanda m'mawa, atakhala pamtumbira wa mwana wa eni ake, chitenje chili poteropo, akuimba nyimbo ya Mvano. Kwathu kuno nkhalamba ikapezeka kumanda, dzina lake limakhala limodzi: mfiti. Ana anayamba kuwagenda, ati ndege yawathera mafuta.

M'masiku omwewo a Gibson anamva pawailesi wina akunena kuti mapoto a aluminiyamu mwina amabweretsa matenda oiwalaiwala. Anakweza akazi awo panjinga mpaka kuchipatala. Adokotala anati, "Bambo, za mapotozo umboni wogwirika palibe. Mayiwa akudwala muubongo, matenda obwera ndi ukalamba, ndipo mankhwala ochiza tilibe."

A Gibson anamva zonse, koma Lachiwiri pamsika anaima pakati pa katundu wawo n'kulengeza kuti, "Akazi anga si mfiti. Ndawadwalitsa ndine ndi mapotowa."

Nditawapeza kunyumba ndinawafunsa, "Achimwene, zimene mwanenazi mukuzikhulupirira?"

"Nanga ndiwauze chiyani?" anatero. "Ukalamba? Nkhalamba zadzaza m'mudzi muno, nzeru zili gwa. Anthuwa akufuna poloza chala. Aloze ine."

Mapoto anasiya kugulidwa. Koma anthu omwewo sanataye amene anali nawo kale, ankaphikiramo ndithu, uku akunong'onezana kuti mfitiyo yapusitsa ndi mwamuna yemwe. Zimandiwawa mpaka lero. Munthu anataya nkhwangwa ndi mpini womwe chifukwa cha anthu amene mapoto ake anawadyetsa zaka zonsezi.

Kuti mawu awo aoneke oona, a Gibson anachotsa mapoto onse m'nyumba n'kugula miphika yadothi. Poto woyamba uja anabisa m'nkhokwe. Apa ndiye zinavuta. ANangozo, amene anali ataiwala maina a ana awo, poto sanamuiwale. Ankazungulira nyumba tsiku lonse, kusuzumira pansi pa bedi, m'khola, m'makhitchini a eni ake, ndipo kulowa m'makhitchini kumeneko kunawonjezera miseche. Chakudya cha mumphika ankachikankha. Anawonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri.

A Gibson ankadziwa kuti poto uja akangooneka pakhomo, mudzi ufunsa kuti ngati ndi poizoni abwezeranji, ndipo bodza lawo lithera pomwepo. Anapirira mpaka tsiku limene mayiwo analephera kudzuka pamphasa. Ndinalipo masana amenewo. A Gibson anakwera m'nkhokwe, kupukuta fumbi ndi malaya awo, n'kumuika poto pamiyendo ya akazi awo, pabwalo, odutsa m'njira akuona.

ANangozo anamutembenuza, kusisita kamtanda kaja ndi chala, n'kumukumbatira. Kenako anayang'ana a Gibson, n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati mmene timachitira ndi mlendo.

"Zikomo bambo. Ameneyu anandipangira ndi amuna anga. Mukakawaona kumsikako, muwauze abwere, ndawadikira nthawi yaitali."

"Ndikawauza," anatero a Gibson.