A Lumo ndi Wounika Wachiwiri

Anthu ankangowatcha a Lumo. Anali ndi kachipinda kometeramo kuseri kwa sitolo ya nsapato: mpando umodzi wozungulira, benchi, ndi galasi long'aluka pakona. Mafunso anabadwa nawo. Ali mwana anaphwasula wailesi ya bambo awo kuti aone pamene owerenga nkhani amakhala, ndipo khutu limene bambowo analikoka linawawa sabata yathunthu. Ntchito yometa inawayenera, pakuti munthu akakhala pampando, nsalu ili m'khosi, funso salithawa.

Akazi awo anabwerera kusukulu ana atasinkhuka, n'kuphunzira mpaka kutchedwa dokotala. Sanali wa jakisoni, ngakhale anansi ankabwerabe kudzawaonetsa zidzolo. Anali dokotala wa mileme, ija imagona m'masiling'i a nyumba za m'tauni. Atayamba kuphunzitsa payunivesite, analemba pepala lawo loyamba la kafukufuku n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri.

Patapita miyezi, mayiwo anatulukira kometera kuja masana, nkhope itagwa.

"Alibweza, bambo a ana. Akuti ndikonze."

"Wabweza ndani?"

"Mkonzi wa magaziniyo. Anapatsa anthu awiri kuti aliunike. Woyamba wayamikira. Wachiwiriyu ndiye wandisenda."

"Dzina lake?"

"Satchula. Iye sandidziwa, inenso sindimudziwa."

A Lumo anazimitsa mashini, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Iwo ankadziwa amene wathawidwa ndi mkazi komanso amene amadaya imvi mobisa. Koma munthu wokudzudzula alibe nkhope? Ndi bambo kapena mayi? Ali ndi dazi? Nkhaniyi inawakhala ngati kachitsotso m'diso.

Ndiye atamva kuti akonzi a magazini akubwera kudzalangiza ofufuza ongoyamba kumene, anatseka chitseko, navala jekete la ukwati, n'kutsatira akazi awo. Anakhala kumbuyo kwa holo, uku akuyang'ana mitu ya anthu monga mwa chizolowezi.

Kutsogolo kunakhala akonzi atatu. Wina wandevu anati, "Musanatumize, werengani kaye magaziniyo, muone ngati nkhani yanu ndi ya pakhomo pamenepo." Wina anati pepala limodzi lisenze nkhani imodzi, ndipo lisatumizidwe kuwiri nthawi imodzi ngati mnyamata wofunsira m'nyumba ziwiri. Anachenjezanso za magazini ovomera chilichonse m'masiku ochepa osachiunika.

Itafika nthawi ya mafunso, achinyamata anangoti zii, aliyense kuopa kuoneka mbuli. A Lumo anaimika mkono. Akazi awo anabisa nkhope m'manja.

"Pepani akuluakulu, ine ndine wometa chabe. Kodi anthu ounikawa amabisaliranji? Wokuuza kuti wavala malaya chambuyo, si bwino umuone?"

Holo inaseka, koma mkonzi wachitatu, mayi wa imvi zosadaya, anayankha mosaseka.

"Bambo, taganizani wounikayo ndi mtsikana wongoyamba ntchito, ndipo pepalalo ndi la pulofesa wotchuka. Dzina likaoneka, anganene kuti apa mwalakwa? Timabisa maina kuti choonadi chisachite manyazi. Inenso langa analibweza mwezi wathawu, ndipo mwina wondibwezerayo wakhala muno."

Anthu anayamba kuyang'anana.

"Nanga akakhala kuti walakwa ndi iyeyo?" anafunsanso a Lumo.

"Mumuyankhe ngati apongozi. Mfundo iliyonse muiyankhe mwaulemu, osadumphapo. Pamene wanena zoona, konzani. Pamene waphonya, kanani, koma mupereke chifukwa. Ndipo tsiku limene mwakwiya, musalembe kanthu. Pepala lobwezedwa kuti likonzedwe silinakanidwe ayi."

Lamlungu lotsatira, awiriwo anakhala patebulo la pabalaza. A Lumo ankawerenga ndemanga za wounika wachiwiri imodziimodzi, mawu ena akuwapunthwitsa lilime, akazi awo n'kumayankha. Zina anazikana. Koma panali imodzi imene sanathe kuikana: kodi milemeyo anaiwerenga nyengo yamvula yokha, kapena ndi yachilimwe yomwe?

"Apa wandigwira," anatero mayiwo. "Ndiyenera kukweranso m'masiling'i."

Wophunzira amene ankawathandiza anali atamaliza sukulu, choncho wogwira makwerero anakhala a Lumo. Tsiku loyamba anangogwira. Lachiwiri anapempha tochi, nasuzumira okha. Anaona timitu tolendewera, tina titakumbatira ana pachifuwa, ndipo anatsika ndi fumbi m'tsitsi ndi mafunso odzaza dengu. Imayamwitsa chozondoka? Mwana sagwa?

Pepalalo linatuluka chaka chotsatira. A Lumo analiwerenga lonse ndi chala, namvapo pang'ono chabe. Pepala lawo lachiwiri linakanidwa ndithu, ndipo mayiwo anadandaula tsiku limodzi, kenako analikonza n'kulitumiza kwina.

Kometera kuja nkhani zinasintha. Aliyense wokhala pampando ankafunsidwa ngati kudenga kwawo kumamveka kulira usiku. Ambiri ankaseka. Koma tsiku lina mlonda wa nyumba yakale yosungiramo katundu anati m'nyumbamo mileme ilimo yambirimbiri, ina ya makutu aatali ngati a bulu.

A Lumo anamumeta msangamsanga, n'kuimbira foni akazi awo.

"Adokotala, Loweruka musapangane ndi munthu. Ndipo mubwereke makwerero aatali aja."