Chipewa Changa Chinapita ndi Sitima

"Sitima si minibasi, akulu inu! Bwererani kumbuyo!"

Wondikalipirayo anali bambo wa ovolosi yabuluu, yemwe anali atangokoka thabwa lokwerera padoko la Nkhata Bay. Ine ndinali ndi thumba la usipa paphewa, thukuta lili kamukamu. Ndinamuuza kuti chipewa changa chili pampando, ndiye kuti malo anga alipo. Padoko ponse panagwa phwete. Mtima wanga ndi wapachala, akwathu amadziwa, moti ndinatula thumbalo kuti timvane bwino.

Kwathu ku Dowa timatero. Ukasiya chipewa pampando wa minibasi n'kumuuza kondakitala kuti ukubwera, utha kukameta ndevu, galimoto uipeza. Ndiye sitima itaima ndinasiya chipewa n'kukwera mtunda kukaona tauni: nyumba zokangamira paphiri, nthochi zazikulu ngati mkono, Chitonga chothamanga chomwe ndinkangotolamo mawu amodziamodzi. Lipenga linalira kawiri ndili pamsika. Ndinati lilire.

Komatu sindinakwerere usipa. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anali atangoyamba ntchito m'sitimamo ndipo anali pa miyezi yoyesedwa. Malume ake, alamu anga, ankanena poyera kuti mwana wa kumapiri, woti sanawolokepo mtsinje wofika m'chiuno, amubweza mwezi usanathe. Ndinapita kukaona ndi maso anga.

Tili mkati mokangana ndinamuona pamwamba, atavala malaya oyera, wailesi yam'manja ili pakamwa. Tsikulo anam'patsa iye ntchito yolamula kuti thabwa lichoke ndi zingwe zimasulidwe, ndipo mkulu wake wa pantchito anaima pambali, manja kumbuyo, kumuyang'anira. Apa ndiye ndinachita zopusa.

"Uyo ali pamwambayo ndi mwana wanga! M'funseni ngati ndingatsale!"

Anthu anakweza maso. Mkulu uja naye anatembenuka kumuyang'ana mwanayo. Pamenepo m'pamene mutu wanga unagwira: akabweza thabwa chifukwa cha ine, amulemba kuti amapinda lamulo poona achibale, ndipo mawu a alamu apherezera.

Mwanayo anawerama pachitsulo cha m'mbali mwa sitima.

"Ababa, lipenga lalira kawiri. Ndinakuuzani m'mawa."

"Ndiye undisiya pano?"

"Eya. Basi za ku Lilongwe zimaima pamtunda apo. Chipewa ndikusungirani."

Analankhula mu wailesi, ndipo amuna anayi amisinkhu yanga anathamangira zingwe. Wa ovolosi uja, mkamwa monse muja, anangoti, "Tamva, bwana." Mkulu wake anagwedeza mutu kamodzi n'kulowa mkati.

Ndinafuna kutukwana, koma ndinaleka. Ndinatulutsa foni n'kumujambula mwanayo sitima ikufutuka. Mayi wina wogulitsa chinangwa anandifunsa ngati analidi mwana wanga. Ndinati, "Mwamuona mmene wandisiyira? Wanga ameneyo."

Ndinagona m'tauni momwemo, ndipo tsiku lotsatira masana ndinali mu Lilongwe, dazi likupsa ndi dzuwa. Mzindawu ndimaudziwa ndi fodya basi, kudikira kuokushoni n'kubwerera. Ulendo uno ndinayenda ngati mlendo waulemu. Ndinawoloka mlatho ndi thumba langa lonunkha, a kabaza akundiimbira belu, mpaka ndinapeza kasitolo kotsuka zithunzi pafupi ndi depoti. Ndinati achikulitse, achiike m'galasi. Wotsukayo anati chithunzicho chapendama. Ndinamuuza kuti inapendama ndi sitima, asalowerere za pamadzi zomwe sazidziwa.

Kunyumba mayi ake atamva kuti mwana wandisiya padoko anaseka mpaka kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinagawa usipa pawiri, n'kukulunga chithunzi mu chitenje. Ndinakwera phiri wopanda chipewa kupita kwa alamu, ndipo ndinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinayedzamiritsa chithunzicho pamzere, kutsogolo kwa khasu lawo, n'kukhala pachitsa kudikira kuti aweramuke.