Wodwala Wanga wa ku Denmark

Amayi anga kumudzi ndinawanamiza kuti kuntchito kuno kutsidya kwa nyanja, ku Wakefield, andimana tchuthi. Chonsecho ndinakwera ndege ndi anamwino anzanga kukawongola miyendo ku Denmark.

Pakati pa tauni ina tinapeza chiboliboli cha mkuwa: mayi wokalamba, mpango kumutu, manja pamiyendo, mmene amakhalira amayi anga pakhonde. Ndili chiyang'anire, foni inalira. Anali iwowo.

"Uli pantchito, mwanangu?"

"Eee, amayi. Ndili ndi wodwala, agogo enaake."

"Iii! Uwagwire dzanja, asaone ngati ana awo awataya."

Anzanga ankangojambula zithunzi. Wabodza ine ndinagwada n'kugwira dzanja lozizira lija, ndipo sindinafune kulisiya. Amayi anali atadula kale foni, kuopa kundisokoneza pantchito.