Mbewu ya Chambiko cha Takko

Takko anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kwa mwamuna wake, Yero, anafika ndi ng'ombe ziwiri ndi kachipanda ka chambiko cha mayi ake. Chambikocho ndicho chinali mbewu yake. Tsiku lililonse ankayengula mafuta pa mkaka, n'kuthiramo chambiko chadzulo kuti usase. Anachita zimenezi zaka makumi awiri, ndipo pamsika wa Dahra panali anthu amene sankagula kwa wina.

Chaka china mlangizi wa ziweto, Ablaye, anabaya ng'ombe zonse jakisoni wa njoka zam'mimba, n'kulamula kuti mkaka uzitayidwa.

"Kutaya mkaka? Inu munayamwa chiyani?" anafunsa Takko.

"Mayi, mankhwala awa amakonda mafuta. Ambiri amakabisala m'batala mwanumo. Tayani wonse basi."

Takko anatola mawu oyambawo, enawo anawasiya pomwepo. Batala anataya, chambiko anagulitsa, ndipo palibe anadandaula. Kuyambira pamenepo ankadziona ngati dokotala.

Dzinja lotsatira ng'ombe yake yofiira inatupa bere. Yero anagula penisilini kumsika n'kuibaya yekha.

"Mkaka wa iyi usasakanize ndi winawo," anatero Yero.

"Inu abambo, samalani nyanga ndi ziboda. Zam'chipanda n'zanga."

Anasakaniza, anayengula mafuta mosamala, n'kuthiramo mbewu. Kutacha mkaka unali uli chikhalire, usanasase. Anaganiza kuti mbewu yachepa, ndiye anakhuthuliramo yonse, n'kutsukuluza kachipandako ndi mkaka womwewo. Tsiku lachitatu unayamba kununkha.

Ablaye atamva anapukusa mutu. "Safunsa anadya phula, mayi. Penisilini sakonda mafuta, amatsala mumkaka woyengulawo. Ndipo ntchito yake n'kupha tizilombo, ngakhale tija timasasitsa chambiko."

"Ndiye mbewu ija idzuka liti?"

"Siidzuka."

Mayi ake a Takko anali atamwalira kale, ndipo abale ake anali atasamuka ndi ziweto. Zinamupweteka, koma sanalire pagulu. Anakapempha supuni ya chambiko kwa mkazi mnzake wapamitala, yemwe anamupatsa ziwiri mokoma mtima mopitirira muyeso.

Chambiko chatsopanocho chinagwirana bwinobwino. Pamsika, mayi wina wogula wakalekale analawa, n'kulawanso.

"Chilibe vuto," anatero, akupukuta pakamwa. "Koma Takko, lero ukugulitsira ndani?"