Bulugamu wa ku Odzi

Pa ntchito yathu yodula mitengo pamakhala anthu awiri, wogwira sowo ndi wokoka chingwe. Wogwira sowo ndiye bwana. Wokoka chingwe amaima patali, khosi lili m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi, kudikira kuti amukuwire. Ine ndinakokera chingwe achimwene anga kuyambira ndili mnyamata mpaka ndevu zanga zitayamba imvi, ndipo ndisaname, chingwe chimenecho ndinkadana nacho. Ndinkafuna sowo.

Ntchitoyi tinatengera kwa bambo athu, amene anachoka ku Malawi ali anyamata n'kudzakalambira ku khonsolo ya Mutare, ku Zimbabwe, akudulira majakaranda a m'misewu. Atamwalira anasiya kankhwangwa ka mpini wakuda bii ndi thukuta. Achimwene, monga akulu, anakatenga pamodzi ndi mwambo wake. Mtengo uliwonse asanaudule ankauzungulira akuugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwayo, khutu ataligunditsa pa khungwa. Ukalira kuti ndi wamphumphu, ankaliza sowo n'kuugwetsa wonse. Ukalira kuti m'kati muli mphako, ankakwera n'kuutsitsa nthambi ndi nthambi, ngakhale zitenge masiku awiri. Ine ndinkaona ngati n'zongodzionetsera kwa eni nyumba, ndipo sindinavutikepo kufunsa kuti amamva chiyani.

Achimwene anali a dzanja lofulumira. Ndikakoka nthawi isanakwane, ankatsika mumtengo n'kundikwapula ndi nsonga ya chingwe chomwecho, kenako n'kukweranso ngati palibe chachitika. Chipsera cha pakhosi langa ndinachipeza m'bwalo la nyumba ina ku Darlington, mu Mutare momwemo, mayi wa panyumbapo akuonerera pa zenera. Madzulo ake anandigulira mowa, ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Kwa ine sinathe.

Mafamu atagawidwa, makampani a matabwa kumapiri anachotsa anthu ambiri, ndipo aliyense amene anatuluka ndi sowo ya injini anasanduka wodula mitengo m'tauni. Patapita zaka, mafoni atafala, tinatsegula gulu lathu la pa foni. Mmenemo tinkakangana za chilichonse: kanoledwe ka tcheni, kasakanizidwe ka mafuta, mwezi woyenera kudulira mapeyala, ndiponso ngati bala la mtengo liyenera kupakidwa oilo wakutha kapena kungolisiya lipole lokha. Achimwene sankalemba. Sukulu anaisiya msanga kuti athandize bambo, choncho ankatumiza mawu ojambula, aatali ngati ulaliki, m'Chishona chawo chopindikira ku Chichewa. Anyamata ankawaseka n'kumawatcha mudhara, kapena kuti mdala, wa ku Nyasalande, koma mango wa munthu ukayamba kuuma, chithunzi ankatumizira iwo.

Kenako kunabwera nkhani ya mayeso. Masukulu, matchalitchi ndi mabwana a kumayadi anayamba kufunsa satifiketi munthu asanakhudze mtengo wawo. Gulu lathu linasanduka kalasi. M'mawa uliwonse wina ankaponya funso, enafe n'kumalimbana nalo tsiku lonse: kukamwa kwa mtengo, kumene timayamba kutsegula kumbali yogwera, kuzilowa m'kati motani, hinji, kachigawo kosadula kamene kamagwira mtengo ukamagwa monga chitseko, izikhala yokhuthala bwanji, wokoka chingwe aziima kutali motani. Ine ndinaloweza zonsezi ngati katekisimu. Ndinaona kuti khomo lolandira sowo landitsekukira, ndipo mtima wanga unali dyokodyoko.

Tinapita tonse awiri, ine ndi achimwene, kukalemba. Pa mayeso a manja, woyesa anakhoma chikhomo pansi n'kunena kuti paini agwere pamenepo. Achimwene anagogoda, anadula, ndipo painiyo anakhomerera chikhomocho m'nthaka. Woyesa anagwira pakamwa. Koma tsiku lotsatira linali la pepala, lonse m'Chingerezi. Ndinakhala kumbuyo kwawo, ndipo ndinawaona akutembenuza pepalalo uku ndi uku, kenako n'kupachika cholembera pa khutu. Zotsatira zitatuluka, ine ndinakhoza, iwo analephera.

Ndinajambula satifiketi yanga n'kuiponya m'gulu. Anthu anandiyamikira, ndipo mnyamata wina anafunsa kuti, “Ko mukoma vako vakapasa here?” Ankafuna kudziwa ngati achimwene nawonso anakhoza. Ndikanatha kukhala chete. M'malo mwake ndinalemba kuti achimwene anagogoda pepala mbali zonse koma silinawayankhe, n'kuwonjezera kuti tsobola wakale sawawa. Gulu lonse linafa ndi phwete. Ndinadziwa kuti sangawerenge, koma ndinaiwala kuti ali ndi mwana wamkazi amene amawawerengera chilichonse.

Lamlungu, titangoweruka ku tchalitchi, anafika kwanga ku Sakubva atavala jekete lawo la mapemphero. Sanakhale pansi. Anandimenya mbama imodzi yokha, koma ya munthu amene wanyamula sowo moyo wake wonse, ndipo ndinakagwera mu beseni la zovala, mkazi wanga ali pomwepo. Khutu linalira mpaka Lachitatu. Ndinali bambo wa ana anayi, wokhala ndi satifiketi mu felemu, ndipo ndinachita manyazi oopsa. Ndinalumbira mumtima kuti chingwe chawo sindidzakokanso.

Sabata lomwelo tinaitanidwa ku Odzi. Mlimi wina wa fodya, amene analandira puloti pa famu yakale, anali ndi mzere wa mabulugamu amene mzungu, mwini famuyo wakale, anadzala kuti atchinge mphepo. Umodzi unali chimtengo, anthu atatu sakanauzungulira ndi manja, ndipo unapendekera ku balani yowotchera fodya. Mlimiyo ankafuna ugwe asanayambe kuthyola, nkhuni zake awotchere fodya yemweyo. Tinapita pa lole yake, ine ndi achimwene titakhala kumbuyo, aliyense akuyang'ana mbali yake.

Titatsika, mlimiyo anatiyang'ana tonse awiri n'kufunsa kuti, “Ndiani ane pepa?” Ndinayankha kuti mwini pepala la satifiketi ndine, ndipo ndinatsitsa sowo m'lole ndisanayang'ane nkhope ya achimwene. Iwo anangosolola kankhwangwa kawo m'thumba n'kuyamba kulunjika ku mtengo.

Apa ndi pamene mutu wanga unasokonekera. Ndinaona kuti akangogogoda, mlimiyo adziwa mwini ntchito weniweni, ndipo ine ndikhala mnyamata wonyamula sowo ya wina. Ndinawathamangira n'kugwira mpini. Tinakokana. Ndinawapotokola dzanja, ndinalanda nkhwangwa ya bambo athu n'kuiponya m'tchire kuseri kwa balani. Iwo anandigwira pakhosi ndi manja onse awiri mpaka ndinayamba kuona mdima. Chisoti changa chatsopano, cholimba, chimene tinalangizidwa ku maphunziro, chinali m'dzanja langa. Ndinawamenya nacho kumaso. Ndinawamenyanso kachiwiri. Mlomo unang'ambika, magazi anatsikira m'malaya, ndipo tinagubuduzana m'fumbi ngati agalu mpaka mlimi ndi mkazi wake anatilekanitsa, mayiyo akufunsa ngati tinayamwadi bere limodzi.

Achimwene anakhala pansi kanthawi akupuma. Analavula magazi, anadzuka, anatola chingwe. Anaponya okha ku nthambi yapamwamba, anamanga, n'kuyenda nacho kutali kumbali imene mtengo unayenera kugwera. Asanafike anacheuka.

“Dula, mwini pepala,” anatero.

Ndinavala chisoti chija, magazi awo ali pamphepete pake, n'kutsitsa zotsekera m'makutu. Ndinamva kukoma, ndisabise. Ndinatsegula kukamwa monga buku linanenera, mwaukhondo, ndipo mlimi anagwedeza mutu kuyamikira. Ndinazungulira kumbuyo n'kuyamba kudula kolunjika ku hinji. Utuchi unkatuluka woyera, ukununkhira bulugamu. Kenaka sowo inangolowa yokha ngati yalowa m'phala, ndipo utuchi unasanduka dothi lakuda. Chinali chiswe. Chimtengo chonsecho chinali chibade chabe, m'kati mwadzaza dothi, ndipo hinji imene ndinkawerengera kunalibe.

Wodziwa akanasiya sowo pomwepo n'kuthawa. Ine ndinaima n'kumayang'ana dothilo, ndikufufuza m'mutu kuti funso limeneli linali pa tsamba liti. Pamwamba mtengo unali utayamba kale kupotoka. Achimwene anaona zimenezo ali kuchingwe, ndipo mlimi anandiuza pambuyo pake kuti anakuwa dzina langa katatu. Sindinamve chilichonse, makutu anali otseka ndipo injini inali ikulira. Chimene ndinamva ndi phewa lawo likundigunda m'nthiti. Ndinauluka n'kukagwa chagada, sowo kwina, chisoti kwina. Pomwepo tsinde linaphulika, mtengo unazungulira pa chitsa chake, ndipo thako lake linadumpha n'kumenya pamene ndinali nditaima. Pamalopo tsopano panali achimwene.

Nthaka inagwedezeka. Fumbi litachepa ndinawapeza atagona chammbali pafupi ndi chitsa, chiswe chikuyenda pa malaya awo. Chibwano chinali chitapita kumbali, mano ena ali m'dothi, ndipo phewa lamanja linali litatsika pamalo pamene phewa silikhala. Maso anali otsegula. Ndinagwada n'kumangoti achimwene, achimwene, ngati mwana. Anayesa kunena kanthu, koma m'kamwa munangotuluka thovu la magazi. Balani sinakhudzidwe n'komwe, mtengo unagwera m'munda wa chimanga.

Tinawanyamula pa chitseko cha balani n'kuwagoneka m'lole. Msewu wonse wobwerera ku tauni ndinawagwirira mutu kuti usagunde pansi, ndipo pokwera phiri lolowera mu Mutare lole inkakwawa moti ndinatukwana mlimiyo, munthu amene sanandilakwire kanthu. Ku chipatala anamanga chibwano ndi mawaya. Za phewa anatiuza mosabisa kuti dzanjalo lidzagwira supuni ndi foni, koma sowo ayi.

Masiku amenewo ndinkakhala pa benchi ya chipatala, alamu anga, akazi a achimwene, atakhala kumapeto kwake osandiyang'ana. Buku la maphunziro linali m'chikwama changa, ndipo tsiku lina ndinalitsegula chifukwa chosowa poyang'ana. Chakumayambiriro, pa tsamba limene ndinkalidumpha chifukwa m'gulu munalibe amene analifunsapo, panalembedwa kuti mtengo waukulu usanadulidwe uzigogodedwa ndi nyundo kuti umveke ngati m'kati ndi mowola. Panali ngakhale chithunzi cha munthu atagunditsa khutu pa khungwa. Ndinalitseka bukulo.

M'gulu anthu ankafunsa kuti mudhara ali kuti, bwanji mawu ake sakumveka. Wina anali atamva kale kuti wavulala, ndipo analemba kuti izi ndi zimene zimachitika anthu opanda mapepala akamagwira ntchito. Ndinajambula mawu, koyamba m'moyo wanga, ndipo ndinanena zonse: za nkhwangwa, za chisoti, za chiswe, ndi za munthu amene anasiya chingwe n'kuthamangira pansi pa mtengo ukugwa. Ndinatukwananso anthu a m'gulumo pang'ono, chifukwa mkwiyo wanga unkasowa kopita. Tsiku limenelo palibe anaponya funso la mayeso.

Ndinabwerera ku Odzi kukafuna nkhwangwa. Ndinaipeza tsiku lachiwiri m'udzu, mpini utayamba kudyedwa. Ndinapita nayo kwa achimwene atatuluka m'chipatala, ndinagwada pakhomo n'kupepesa monga mwa mwambo, alamu ali mboni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankha nkhwangwayo ndi phazi kubwerera kwa ine n'kulowa m'nyumba. Mawaya anachotsedwa kalekale, amayankhula ndi aliyense, ndipo m'gulu anayambanso maulaliki awo, ngakhale mawu amatuluka mopotoka. Koma ine tikakumana pa maliro kapena ku tchalitchi amangondidutsa.

Sowo ndi yanga tsopano, monga ndinkafunira, ndipo chingwe amandikokera munthu wolembedwa ganyu. Vuto ndi lakuti ndikagogoda mtengo sindimva kanthu. Yonse imandiyankha mofanana, wamphumphu ndi wamphako, chifukwa zaka zonse zimene ndikanaphunzira ndinazithera kuseka. Mtengo woyamba waukulu umene ndinaitanidwira chichitikireni ngoziyo unali jakaranda wa pa sukulu ina, nthambi zake zili pamwamba pa kalasi. Ndinauzungulira katatu, ana akundiyang'ana pa mazenera. Posowa chochita ndinagunditsa foni pa khungwa, ndinajambula kugogodako mbali zonse zinayi, n'kutumiza kwa achimwene osalembapo kanthu.

Ndinakhala pa muzu n'kudikira. Foni inaonetsa kuti amvera. Panapita nthawi yokwana kuphika tiyi, kenako kunabwera mawu ojambula, aafupi kwambiri. Ndinaika foni pa khutu.

“Siya. Kwera.”

Ndinakwera n'kuutsitsa nthambi ndi nthambi, ndipo nditafika pa thunthu ndinapeza mphako yoti mwana akhoza kubisalamo.

Mpaka lero timachita choncho. Ndimatumiza kugogoda, iwo amayankha kuti dula kapena siya, ndipo mawu ena alionse kwa ine sananenepo. Pa Khirisimasi ndinayesa kutumiza moni, ndinafunsa za phewa ndi za ana. Foni inaonetsa kuti amvera, koma yankho silinabwere. M'mawa mwake ndinatenga nkhwangwa, ndinapita pa mango wa kuseri kwa nyumba yanga, umene sindinaganizepo zoudula, ndinagogoda n'kutumiza. Sipanapite nthawi.

“Siya,” anatero achimwene.