Kaseti ya ba Esnati

Ndikukumbukira kuti choyamba ba Esnati, akulu anga, anasiya kuseka. Tinkakhala ku komboni ya George, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndili Giredi 3. Amayi ankalawirira ku Mandevu kukagulitsa salaula, zovala zakale za m'belo, pakhomo n'kutsala ife awiri ndi amalume ena a kumudzi amene anabwera kudzafuna ntchito koma osapita kukaifuna.

Kaseti ija ba Esnati anaipeza posankha zovala za m'belo, m'thumba la shati yamizeremizere. Pachikuto panali azungu atsitsi losapesa. Ba ticha oyandikana nafe anawerenga n'kutiuza kuti ndi nyimbo zoyambirira za gulu lina la ku Amerika, zimene anaimba asanatchuke, kenako n'kuzitolera pamodzi. Sizinali zovina. Magitala ankalira ngati chigayo chameza mwala, woimbayo n'kumakuwa ngati wapsa ndi phala. Amayi anati azunguwo akanayamba adya kaye.

Koma ba Esnati ankaimvera tsiku lililonse. Ndikachokera ku sukulu masana ndinkapeza amalume ali panja akutokosa m'mano, chitseko chotseka, wailesi ili pamwamba mpaka malata kunjenjemera. Ndinkakhala ndekha pamwala wochapira, njala ikundipotokola, kudikira kuti mbali imodzi ya kaseti ithe. Anzanga anasiya kubwera kudzasewera chiyato. Amayi awo anati kwathu kwalowa za Satana.

Tsiku lina ndinasuzumira pawindo. Ba Esnati anali pansi pakona, atakumbatira maondo, kukamwa kuli yasa, akulira mokuwa limodzi ndi mzungu uja. Panja kuliraku sikunkamveka. Atandiona anapukuta nkhope nati, "Usakambe. Ukakomboka ku sukulu uziyenda kwa amayi ku maliketi, osabwera kuno weka."

Sindinakambe. Lachinayi kunabwera azimayi a ku tchalitchi, anapemphera, anasolola tepi yonse n'kuiponya pambaula. Inanunkha ngati utsi wa ku Chunga kotayira zinyalala. Onse anati chiwanda chatuluka. Palibe amene anafunsa chimene chinkamuliza mtsikana. Patapita miyezi iwiri mimba ya ba Esnati inaoneka, anawatumiza kumudzi, amalume n'kukhalabe pakhomo mpaka dzinja. Ba Esnati sanabwererenso. Pamphasa ndinkagona ndekha, mbali yawo ndikuisiya.

Masiku ano makaseti kulibe. Ana amamvera nyimbo pa foni, timawaya m'makutu, ndipo nyumba imakhala zii, sungadziwe n'komwe amene akulira. Ine ndili ndi ana awiri, Chisomo wa zaka zisanu ndi zitatu ndi kamng'ono kake kakumbuyo. Mwezi watha amuna anga anabweretsa msuweni wawo wamwamuna, akuti akhale nafe pang'ono. Palibe chimene ndinaona ndi maso. Koma sabata yachiwiri Chisomo anasiya kulowa m'nyumba, ankakhala kumpopi ndi yunifomu mpaka ine ndibwere kogulitsa tomato. Ndinamufunsa, ndinamufunsanso. Anati ba ankolo amamuitana kuti akhale pamiyendo pawo, iye safuna.

Sindinaitane opemphera. Ndinamanga zovala za ana m'chitenge, wamng'ono kumbuyo, Chisomo padzanja, mpaka kwa mnzanga ku Lilanda. Bambo awo ndinawaimbira kuti tidzabwera mlendo wawo akachoka. Anati ndikuchititsa banja manyazi. Ndinati inde, ndavomera.

Lero ndi tsiku lachisanu. Tikugona pansi, ndipo Chisomo ku sukulu ndimamuperekeza ndekha mpaka pageti.